Bambo Akufuna Wowathawa

Bambo anga anali osula makiyi. Kabenchi kawo kanali pakhonde la sitolo ya zitsulo, ndipo aliyense wotaya kiyi wa nyumba ankathera pomwepo. Ankangoyang'ana loko, n'kutenga tupa, kwee kwee, kiyi watheka. Dzanja lawo lamanja ndi lomwe linatilera tonse, ndipo ndi lomwelo limene sitiroko inasankha chaka chatha. Zala zinapindana zolimba. Dokotala wa mafizo ananena mosapsatira kuti dzanja likapanda kugwira ntchito liuma, ndipo likauma ndiye kuti basi.

Koma kwathu chikondi n'chochuluka mpaka chimatsamwitsa munthu. Bambo akati atole supuni, achemwali aakulu atola kale. Akati amange batani la malaya, achimwene afika. Achemwaliwo timawatcha Adokotala, ngakhale kuchipatala amangopitako kukazonda odwala. Anagula makina oyezera bipi, ndipo kuyambira tsikulo bambo sankaloledwa ngakhale kuyetsemula mwamphamvu. Dzanja linakhazikika m'thumba la jekete.

Za gemu anayambitsa ndi mwamuna wanga, wokonza mafiriji. Tsiku lina bambo anatchula kuti ali mnyamata, m'sitolo ina ya zakumwa munali makina aatali ngati kabati. Umaponyamo kandalama kachitsulo, anthu awiri n'kumathamangitsana pagalasi, wina kabokosi, wina kamtanda, pakati pa makoma oyendayenda. Mwamuna wanga anafufuza pa intaneti mpaka anapeza tsamba lomwe limatsanzira makina akalewo. Sukopera kanthu ayi, umangotsegula tsambalo gemu n'kuyamba, sikirini yakuda bii, timizere toyera. Anabweretsa laputopu yake yakale n'kuiika patebulo la pabalaza.

"Nanga kandalama tiponya pati?" anafunsa bambo.

"Mungodina batani ili, bambo. Makinawa akhulupirira kuti mwalipira."

"Ndiye kuti ndi opusa kuposa aja ndinkawadziwa ine."

Bambo anaseka koyamba chidwalireni.

Ankasewera anthu awiri pa kiyibodi imodzi, mapewa n'kumagundana. Bambo ankasankha kabokosi, kothamangitsa. Apa ndi pomwe abale anga anandifika pakhosi. Aliyense wokhala pampando winawo ankadzigwiritsa dala. Achimwene ankayendetsa kamtanda kawo ngati nkhuku ya chitopa, n'kukaima pakona kudikira. Bambo akawagwira, nyumba yonse m'manja. "Eee, bambo ndinu katswiri!" Katswiri wa chiyani? Munthu woti anatsegula maloko a theka la tauni, lero mukumuwombera m'manja ngati khanda loyamba kuyenda? Bambo sanali opusa. Ankadina ndi chala chimodzi cha kumanzere, maso ali kuwindo, ndipo posakhalitsa anayamba kunena kuti gemuyo ikuwapweteketsa mutu.

Lamlungu lina masana mpando winawo unagwera mwamuna wanga. Iyeyu ali ndi vuto limodzi: sadziwa kunamizira. Ndi munthu woti ukamufunsa ngati diresi lakukhala, amayamba waganiza kaye. Gemu itangoyamba, kamtanda kake kanati fyuu, kudutsa pampata wa khoma, kukatulukira mbali ina. Bambo anadzidzimuka. Anathamangitsa ndi chala chawo chimodzi chija, koma kuti? Nthawi inatha asanamukhudze n'komwe.

"Bwezanso," anatero bambo.

Kachiwiri chimodzimodzi. Apo bambo anasendeza mpando, n'kutulutsa mawu omwe sindinawamvenso chichokereni pakabenchi paja. Kenako ndinaona ndi maso angawa. Anatulutsa dzanja lamanja m'thumba, kulinyamula ndi lamanzere, kuliika pa mabatani. Zala ziwiri zinatambasuka. Zinkaphonya, zinkadina mabatani awiri nthawi imodzi, koma zinkadina ndithu.

"Thawa, mkamwini, thawa! Ndikakugwira undidziwa!"

Thukuta linali kamukamu, maso ali psuu, munthu akusangalala. Adokotala anatulukira kuchokera kukhitchini n'kutseka laputopu, phaa! Bipi itayezedwa inapezeka kuti yakwerako pang'ono, monga imakwerera kwa aliyense amene ali moyo.

Tsiku lomwelo kunakhala bwalo. Mwamuna wanga anazengedwa mlandu wosowa ulemu. Ati mkamwini wanji wochititsa manyazi apongozi ake pamaso pa ana awo? Akufuna kuwapha kapena?

"Koma dzanja lija mwaliona?" ndinafunsa.

"Iwe ndiwe mzime," anatero achimwene. "Akuluakulu akamakambirana uzimvetsera."

Anagamula kuti laputopu ibwerere kwa mwini wake, ndipo mwini wakeyo ayambe wapuma kubwera kunyumbako. Bambo anauzidwa kuti mkamwini watanganidwa ndi ntchito. Palibe anawafunsa maganizo, chonsecho anali m'chipinda chapafupi, chitseko chili pululu.

Ndinapsa mtima mpaka chakudya chinandikanika. Chondiwawa kwambiri chinali chakuti abale angawa si anthu oipa. Akanakhala oipa ndikanawatukwana mtima uli m'malo. Nanga munthu amene akukupha ndi chisoni umamuyankha bwanji? Ndikapita kukawaona bambo ndinkapeza dzanja lili m'thumba, zala zija zitayambanso kupindana.

Lachisanu m'mawa foni yanga inalira ndili kuntchito. Anali Adokotala, akulira: bambo asowa, ndodo yawo palibenso. Achimwene anali atayamba kale kuzungulira m'zipatala. Ndisanaganize chochita, inalowa foni ina, ya mwamuna wanga.

"Bwera kushopu kuno," anatero motsitsa mawu. "Ubwere wekha."

Bambo ndinawapeza kuseri, pakati pa mafiriji akufa, atakhala pa kireti, laputopu ili pamwamba pa firiza yakutha. Munthu woti kunyumba ankamugwira mkono popita kubafa anali atayenda yekha mpaka pasiteji, kukwera basi, kutsika. Malaya anali atamangidwa mokhota, batani lililonse pabowo la linzake. Manja onse awiri anali pa kiyibodi.

"Mwamugwira kangati?" ndinafunsa.

"Ngakhale kamodzi," anatero osacheuka. "Mwamuna wakoyu ndi mfiti."

Foni inayambanso kulira m'chikwama. Anali achemwali. Bambo anasiya kudina n'kundiyang'ana, ndipo nkhope yawo inali ya munthu wopempha, zomwe ndinali ndisanazionepo pa iwo chibadwire.

"Mwanawe, usawauze msanga kuti ndili kuno. Akabwera andipulumutsanso."

Ndinaisiya foniyo ilire.