Mabatani a Dzanja Lamanzere

Tsiku limene ndinakhala koyamba pa mpando wa kompyuta kunali mwera. Unayamba m'mawa, ukugwedeza malata a ofesi ya tchalitchi chathu ku Mlangeni, ndipo mapesi ouma m'minda ankasokosa ngati mvula ili m'njira. Kumsewu kunkamveka malole akulira mabuleki ndi amayi akuitanira mbatata ndi kabichi. M'ofesimo munkanunkha polishi wa pansi ndi mapepala akale.

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo mkono wanga wamanja unali m'chikhakha. Ndinagwa pa ngolo tikututa kachewere. Chisanu chonse cha chaka chimenecho sindinkatha kulemba kusukulu, kukumba kudimba kapena kugwira pagolo. Mkati mwa chikhakha munkayabwa, ndipo ndinkalowetsamo kaphesi mayi akayang'ana kumbali. Ntchito yomwe anandipatsa inali yoingitsa nkhuku pa mphale yoyanika. Ndinkazungulira bwalo, kukhala pansi, kudzukanso, mpaka bambo anatopa nane.

Ananditengera kwa a Nyoni, mlembi wa mpingo, munthu amene anagwira ntchito zaka zambiri ku Joni nabwerako ndi chikhoti chachitali komanso luso la taipi. Mpingo unali utangolandira kompyuta yamphatso. A Nyoni ankaiphimba ndi chitenje ndipo ankamenya mabatani ake mwamphamvu, ngati taipi yawo yakale. Pa nthawiyo kwaya inkafuna kuti nyimbo zake zitaipidwe usanafike msonkhano waukulu wa mu Ogasiti, koma iwo analibe nthawi.

"Mwana wa dzanja limodziyu atha?" anafunsa.

"Muyeseni," anatero bambo. "Kunyumba watitopetsa."

A Nyoni anandipatsa masabata atatu. Ndikalephera, nyimbo zipita kukataipidwa kuboma, ine ndibwerera kunkhuku.

Masiku oyamba anali owawa. Dzanja limodzi lomwelo linkayenera kuchoka pa kiyibodi, kudutsa pamwamba pa chikhakha kukagwira mawusi, kusaka kachithunzi kakang'ono pamwamba pa sikirini, n'kubwereranso. Mutu wa nyimbo unkafuna zilembo zonenepa ndi kukhala pakati. Kolasi inkafuna zilembo zopendekera. Nyimbo imodzi inkandithera masana onse, magetsi akapanda kuzima. Usiku ndinkagona zala zikuyendabe pa bulangete.

Kusakhazikika komweko n'kumene kunandithandiza. Tsiku lina a Nyoni atapita kumaliro, ndinayamba kudina paliponse, ndipo ndinapeza kuti mzere wa tizithunzi uja umasuntha. Ndinaukokera kumanzere, kufupi ndi dzanja langa. Ndinapezanso malo ochotsera tizithunzi tosafunika, ndipo ndinatichotsa kamodzikamodzi mpaka kunatsala tisanu ndi kamodzi. Mawa lake ndinazindikira chachikulu: batani lililonse ukhoza kulipatsa ntchito imene ukufuna. Ndinasonkhanitsa ntchito zanga zonse pa mabatani a F, a mzere wapamwamba wa kiyibodi, chakumanzere, pamene zala zinkafika popanda kudzutsa chigongono. Lina linkaika mutu pakati, lina linkapendeketsa kolasi, lina linkasunga ntchito magetsi asanathawe. Sindinalembe paliponse. Zala zinaloweza zokha.

Kuyambira pamenepo ndinkamaliza nyimbo zitatu pa tsiku. Ndinkathamanga kuchokera kusukulu osadya, chikhakha chikugunda pachifuwa, n'kukapeza a Nyoni asanavundukule chitenje. Sindinawauze zimene ndinachita. Iwo ankangoona mapepala akutuluka mu pulinta n'kugwedeza mutu.

Lachitatu la sabata yomaliza kunabwera Yohane, msuweni wanga, ndi mnzake Filipo. Onse anali atamaliza Fomu 4 ndipo anaphunzira kompyuta miyezi itatu ku Balaka. Anabwera kudzalemba makalata ofunsira ntchito ine ndili m'kalasi. Anali ndi kabuku kawo ka kusukuluko, kokhala ndi chithunzi cha sikirini chimene aphunzitsi awo anawauza kuti achiloweze. Anayerekeza chithunzicho ndi zimene ankaona, ndipo sizinafanane. Filipo atadina batani lofunsira thandizo, limene ine ndinali nditalipatsa ntchito ya mutu, mawu ake analumphira pakati pa tsamba. Anagwirizana kuti ndi vayirasi. Anabwezeretsa zonse monga zinalili m'kabukumo, n'kuuza a Nyoni kuti mwana amene amasewera apayu aononga katundu wa mpingo.

Lachinayi ndinafika ndili wefuwefu, zitatsala nyimbo zisanu ndi ziwiri. Onse atatu anali momwemo. Ndinakhala pansi, n'kudina batani langa la mutu. Panatseguka chinthu china chachilendo. Ndinadinanso, kenako lachiwiri, lachitatu. Tizithunzi tonse tinali titabwerera pamwamba, tambirimbiri, ndipo dzanja langa linkangoyendayenda pamwamba pa kiyibodi, losadziwa kolowera.

"Mwaonatu, madala," anatero Yohane. "Sadziwa n'komwe chimene akudina."

"Ndinazikonza ndine," ndinatero. "Sizinaonongeke. Ndinkafuna zikhale pafupi."

"Iwe, kompyuta ndi khola la nkhunda, loti uzisuntha mmene wafunira?" Filipo anaseka.

Ndinapempha ola limodzi lokha kuti ndiwaonetse. A Nyoni anayang'ana ine, anayang'ana kabuku kaja, kenako anatenga chitenje n'kuphimba kompyuta.

"Pita kwanu, mwanawe. Chinthuchi si changa."

Nyimbo zotsalazo zinakataipidwa kuboma. Pamsonkhano wa mu Ogasiti ndinakhala kumbuyo, ndikuona anthu atagwira mapepala amene ambiri mwa iwo ndinataipa ine ndi dzanja limodzi, ndipo palibe amene ankadziwa. Sabata yotsatira anandichotsa chikhakha. Mkono unatuluka woonda, wotuwa, wonunkha. Ku ofesi kuja sindinapondenso mpaka ndinakula. Yohane akabwera kwathu ndinkatulukira khomo lakuseri, ndipo pa Pemphero la Ambuye ndinkatseka pakamwa tikafika pa mawu a kukhululukira ena.

Pa nthawiyo ndinkati Yohane ndi Filipo anachita dala, chifukwa cha nsanje. Lero ndine bambo wa ana awiri ndipo ndimataipa makalata pa ofesi ina kuboma, choncho ndimaona zina. Anyamata aja analibe kanthu kena m'manja koma kabuku kaja. Makolo awo anagulitsa mbuzi kuti iwo akaloweze chithunzi chimodzi, ndipo kuvomera kuti chithunzicho chikhoza kusinthidwa ndi mwana wa Sitandade 6 kunali kuvomera kuti anabwerako ndi zochepa. A Nyoni nawo ankaopa kuima pamaso pa akulu a mpingo mphatso itafera m'manja mwawo.

Mkazi wanga, amene anatisiya zaka zitatu zapitazo, ankaseka ndikamamusimbira nkhaniyi, n'kundifunsa kuti ndidzaitula liti. Pa maliro ake Filipo anali mmodzi mwa adzukulu okumba manda, ndipo Yohane anagona panja nafe masiku onse. Tsiku lina titakhala pakhonde ndinawakumbutsa za mabatani aja. Anayang'anana. Palibe mwa iwo amene ankakumbukira.

Ndinawakhululukira.