Gemu ya Zipatso Yomwe Ndinatumizira Bambo

Maganizo opita ku Joni anandibwerera tsiku limene anasudzula bambo anga. Amayi anali atamwalira chaka chapitacho, ndiye achibale a amayi anaphika mowa, nakhazika bambo pamphasa, n'kuwauza kuti, "Munatisungira bwino mwana wathu, tsopano ndinu omasuka." Omasuka ati! Munthu anabwera pachikamwini m'mudzi mwathu muja, kufupi ndi Golomoti, ali mnyamata, wakhalamo mpaka imvi mbuu, lero akumanga wailesi ndi bulangete pa njinga kubwerera kwawo ku Mtakataka kukasungidwa ndi mlongo wawo. Ndinawaperekeza mpaka pamsewu. Pobwerera ndinadziuza kuti mpunga wa ku Bwanje sungandithandize kuwasamala, ndipite ndikafune ndalama.

Ntchito ndinakaipeza ku Kepi, yosamalira adona ena achizungu, okalamba, mutu utayamba kusokonekera. Musaganize kuti nkhalamba yachizungu ndi yofatsa. Anandiluma padzanja ndikuwasambitsa, chipsera chake chilipo. Anandigenda ndi kapu ya tiyi wotentha chifukwa ndinalowa kuchipinda kwawo ngati mmene ndinkalowera tsiku lililonse. Ndikaweruka ndinkabwerera kulokeshoni, m'kanyumba ka malata komwe tinkapanikizana amayi atatu, ndipo mutakisi foni ikalira sindinkayankha, kuopa kuti amva Chichewa. Ndinaonapo ndi maso angawa mnyamata wa ku Mangochi akumukhapa pasiteji chifukwa choti ndi wobwera. Anthu ankaombera m'manja. Ndinafika kunyumba n'kuuza anzanga kuti, "Kwathu tingasauke bwanji, koma zauchinyama izi kulibe."

Mwana wa adona aja, bambo wamkulu ndithu wa ndevu zake, ndiye anabweretsa magemu. Anawaikira amayi ake pa foni yaikulu ngati mbale, n'kundiuza kuti tsiku lililonse azisewera, akuti zimalimbitsa ubongo ngati mmene kulima kumalimbitsira mikono. Gemu yake inali ya zipatso zobisika. Ukadina apa patuluka nthochi, n'kubisalanso, ndiye uzikumbukira pamene ili kuti uipezere inzake. Ukakhoza, foni imaimba kanyimbo n'kukupatsa nyenyezi. Adona ankaikonda, ndipo akamasewera ine ndinkapumako kulumidwa.

Nthawi yomweyo n'kuti azakhali, mlongo wawo wa bambo, atayamba kunditumizira mawu pa foni. "Iwe Esinta, bambo akowa ayamba kuiwala. Dzulo aika nsapato m'ndowa ya madzi akumwa." Tsiku lina, "Andifunsa kuti amayi ako apita kuti." Ine ndili kutali, ndichite chiyani? Ndinagula foni, ndinaikamo gemu yomweyo, n'kupatsira anyamata onyamula katundu wopita kumudzi. Mtima unakhala pansi ngati ndatumiza dokotala.

Bambo anaigwira msanga, pajatu anali katswiri wa bawo. Anasiya n'kupita komwe pansi pa mtengo pomwe amuna amasewera, chifukwa anali atayamba kusokoneza nkhomo ndipo anzawo ankawaseka. Ine ndinati zili bwino, kubawo n'kumene kuli kachasu. Azakhali ankajambula nyenyezi zija n'kunditumizira, ine n'kumaonetsa anzanga monyadira. Koma akanena kuti, "Lero asoweranso, tawapeza pamlatho," ndinkangoyankha kuti, "Awonjezere kusewera, azakhali, musalole foni ithe moto."

Mukandifunsa lero ngati magemu amenewa amathandiza, ndikuyankhani mosapsatira: amakuphunzitsa gemuyo, basi. Adona anga anafika pomaliza zipatso zonse ine ndisanathe kupukuta tebulo. Tsiku lomwe anapeza nyenyezi zambiri kuposa kale lonse ndi lomwenso anamenya mwana wawo ndi ndodo pamphumi, akukuwa kuti mwalowa wakuba. Sipanapite nthawi, anawatengera kunyumba yosungirako okalamba, ntchito yanga n'kuthera pomwepo. Ndinamanga katundu, ulendo wa kumudzi.

Ndinatsika minibasi pa Mtakataka dzuwa lili paliwombo, ndi zikwama zanga ndi jekete ya bambo yatsopano. Azakhali ndinawapeza pakhonde atagwira tsaya. Sanandifunse n'komwe za ulendo.

"Achoka m'mamawa ndi khasu. Ati akupita kwawo."

"Kwawo kuti? Si kuno kwawo?"

"Kwa iwo kwawo ndi kwa amayi ako, mwanawe. Ndipo kumeneko kuli maliro, dzana aika mwana wa Lufeyo."

Lufeyo ndi mwana wa amayi anga aang'ono, mlongo wanga, tinakulira bwalo limodzi. Ndinaponya zikwama pansi n'kukwera kabaza wa njinga yamoto.

Phokoso ndinalimva tisanafike m'mudzi. Sikunali kulira kwa maliro ayi, kunali kukuwa kuja ndinakumva pasiteji ku Kepi. Anthu anali ataunjikana panjira yotuluka kumanda. Amayi ena opita kunkhuni anali ataona munthu ali yekha m'manda masanasana, akukumba ndi khasu pafupi ndi mtumbira wa mwana uja. Ndinadzaona pambuyo pake chimene ankachita. Ankalambula udzu pamanda a mkazi wawo, ndipo anali atalambula bwinobwino, mbali zonse.

Ndinakankha anthu n'kulowa pakati. Bambo anali pansi, malaya atang'ambika, magazi akutuluka m'khutu ndi pakamwa. Mkono umodzi unali utapindika pamene mkono supindika. Wina anawaponyera njerwa pamsana, inamveka kuti phi! Lufeyo anali ndi mpini wa khasu lomwelo la bambo, maso ali psuu.

"Mfiti iwe! Wadya mwana wanga, ukufunanso umalize mafupa?"

Bambo anadzutsa mutu, osalira, osapepesa, n'kungofunsa mwaulemu kuti, "Kodi Anambewe mwawaona? Ndabwera kudzawatenga." Anambewe ndiwo amayi anga.

"Mwamva? Akuitana akufa!"

Wina anawaponda pachifuwa, foni ija ili m'thumba la malaya n'kuyamba kuimba kanyimbo kake. Mnyamata wina anaisolola, naikweza m'mwamba kuti onse aione. "Ndi iyi amalankhulirana ndi anzawo!" Anaiphwanya pamwala. Kumbuyo ndinamva mawu a mzimayi, mzimayi ndithu woti ndinkatunga naye madzi, akuti, "Bweretsani petulo."

Ndinadzigwetsa pamwamba pa bambo. Mpini unanditera paphewa, wina pamutu, m'maso munachita mdima. Ndinakuwa kuti, "Ndi matenda awa! Ndawasamala azungu odwala zomwezi!" Wina anaseka. "Matenda a azungu akasiye konko. Mkamwini ameneyu tinamusudzula, akufunanji m'manda mwathu?" Ndinamva fungo la petulo, chigubu chikudutsa m'manja mwa anthu.

Apo mutu wanga unaima. Ndinadzuka, ndinamasula chitenje n'kuchitaya uko, ndinavula bulauzi, n'kugwira siketi.

"Lufeyo! Ndiyang'ane! Ukufuna kuotcha bambo anga? Yamba waona maliseche a mlongo wako. Nonsenu, ana a amayi anga, tsegulani maso muone!"

Siketi inagwa. Abale, amuna aja anabalalika ngati nkhuku zaona kabawi. Lufeyo anaphimba nkhope ndi mkono, mpini n'kugwa, anatembenuka akulira ngati mwana. Wa chigubu anachisiya pansi n'kulowa m'chimanga. Panatsala amayi okhaokha, ndipo amayi aang'ono, omubereka Lufeyo, ndi amene anatola chitenje n'kundifunditsa. Sanandiyang'ane kumaso. Wakabaza uja, Mulungu amudalitse, anali asanathawe. Tinawakhazika bambo pakati, ine kumbuyo nditawakumbatira, mpaka kuchipatala.

Anawasoka mutu, mkono anauika pulasitala, khutu limodzi silimvanso mpaka lero. Ali chigonere choncho ankavuta, kufuna kudzuka, ndiye ndinawaikira gemu ija pa foni yanga kuti akhazikike. Ndi chala chimodzi cha dzanja lotsalalo anapeza nthochi ndi inzake, nanazi ndi inzake, osaphonya. Atamaliza anandibwezera n'kunena kuti, "Zikomo anesi. Kwanu n'kuti inu?" Ndinatuluka panja kukalira kuseri kwa thanki ya madzi.

Ku Joni sindinabwererenso. Ndimakhala nawo ku Mtakataka, ndimagulitsa tomato pamsewu iwo ali pambali panga pampando. Akanyamuka, ndimanyamuka nawo. Madzulo ndimawaperekeza kubawo, ndipo amuna aja ndinawauza kuti amene aseke adzaona chimene anaona a ku Golomoti. Amasokoneza nkhomo, anzawo amawabwezera mwakachetechete, masewera n'kumapitirira. Sakuchira, ndipo sadzachira, koma kumeneko amaseka. Kumudzi kwa amayi sindinapondekonso. Anatuma anthu kudzapepesa, ndinawabweza ndi nkhuku yawo.

Mwezi watha ndinapita nawo kumsika wa pa Golomoti kukapikula tomato. Ndikuwerama kusankha, ndinangoona bambo achoka pambali panga, akuyenda mwachangu, nkhope ili mwee. Kutsogolo kwawo kunali Lufeyo, atanyamula thumba la mpunga paphewa. Anaima chilili, kuthawa osatha. Ine ndinali nditatola kale mwala wa pasikelo, ndipo ndikunena zoona, ndikanamuphwanya nawo mutu.

Ine mwana wawo sandidziwa, koma uyu anamudziwa. Anatambasula mkono womwe uja, wopindika, n'kumugwira dzanja.

"Lufeyo mwana wanga! Wakula bwanji iwe. Tsitsa thumbalo ungathyoke msana." Anamusisita patsaya. "Nanga ukuliranji? Wakumenya ndani? Tandiuza, ndikamuonetsa ine."