Botolo la achemwali

Nditapeza mwayi wa ntchito ku Joni sindinaganize kawiri. Ndinakwera kabaza kuchoka ku Mkanda, achemwali anga a Esinati atatsala pakhomo akutsokomola. Anali atangoyamba kumene ma ARV. "Pita, Yohane," anatero, "wasanduka mlonda wanga iwe?"

Ntchito yanga inali yophunzitsa kompyuta. Tinkaionetsa zilembo za DNA ya kachilombo kochokera m'magazi a anthu ambirimbiri, n'kumaiuza kuti uyu mankhwala akumuthandiza, kwa uyu mankhwala asiya kugwira ntchito. Pang'onopang'ono inayamba kulosera yokha. Anzanga ankakondwa, ine mtima uli m'mwamba. Munthu akamadumphitsa mankhwala, kachilombo kamawazolowera, zilembo zina n'kusintha. Ndikaziona pa kompyuta ndinkangoti, kodi m'magazi mwa achemwali mulibe zoterezi?

Ndinkakhala ndekha m'kachipinda kozizira, wolankhula naye Chichewa kunalibe. Achemwali akapita pa boma ankandiflasha, ine n'kuimba.

"Mukumwa tsiku ndi tsiku?"

"Iii, iwenso! Botolo likumatha, usadandaule."

Ndinkatumiza ya thiransipoti yopitira kuchipatala n'kumadzitonthoza nazo.

Nditabwera pa tchuthi ndinawapeza ataonda, zilonda zili kukamwa. M'mawa mwake ndinawaona akutsegula botolo n'kupereka m'bulu kwa amuna awo, alamu anga, oyendetsa thiraki yodutsa pa boda ya Zambia. Achemwaliwo sanamwe.

"Achemwali, n'chiyani chimenechi?"

"Timasinthana. Lero iwo, mawa ine. Alamu ako amaopa kukayezetsa, ati anzawo angawaone pamzere."

Ndinakalipa, ndinalira, ndinafotokoza mpaka malovu kuuma kuti mankhwala ogawana sathandiza aliyense, kuti akukaphunzitsa okha kachilombo kuzolowera mankhwala m'thupi mwawo. Mantha anga onse a ku Joni anali akuti achemwali angamaiwale kumwa. Koma sankaiwala ayi.

Anatseka botolo mwakachetechete.

"Wamva zambiri kumeneko, Yohane. Koma kuno munthu sudya wekha mnzako akuyang'ana. Ndizichira ine iwo akufa?"

Ndinatembenuka kuti ndiwachonderere alamu, tipite tonse kuchipatala tsiku lomwelo. Anali atatuluka kale, ulendo wa ku boda, theka la mibulu ya achemwali lili m'thumba la shati.