Buledi wa Alamu Anga

Nsomba ndinasiyana nazo ndili ku sekondale. Ndikangodya, kaya ndi usipa kaya batala, milomo inkatupa, thupi lonse zidzolo, pakhosi ngati wina wandikanyanga. Mtedza unatsatira nditabereka mwana woyamba. Tangoganizani, munthu wobadwira ku Nkhata Bay, mwana wa msodzi, wosadya nsomba, wosadyanso chigwada chotendera. Anthu anandiseka mpaka kutopa, kenaka anazolowera. Pa ukwati ankangondiikira nyemba pambali, nkhani n'kuthera pomwepo.

Tirigu ndiye anabwera mochedwa, ndili kale mayi wa ana akuluakulu. Kwa zaka ndithu ndinkangotsegula m'mimba, magazi kuchepa, madiresi kumandikhwepa. Aphunzitsi anzanga anayamba kundiyang'ana ndi maso achisoni aja amene timayang'ana nawo munthu tikamuganizira matenda enaake. Dokotala wina ku Mzuzu ndiye anapeza kuti matumbo anga amadana ndi chinthu china cha mu tirigu chotchedwa guluteni. Anati, "Osati kuchepetsa, mayi. Kusiyiratu."

Ndinamuyankha monyada kuti ife akunyanja timadya kondowole, tirigu tilibe naye ntchito. Ndinkadzinamiza. Kutacha ndinakhala ndi kapu ya tiyi m'manja, wopanda chomwera. Buledi ayi, mandazi ayi, masikono ayi. Zitumbuwa za mumsika n'za ufa wa chimanga ndi nthochi, koma amakazingira m'mafuta omwewo a mandazi. Pa chiwaya cha tchipisi amaponyaponso nsomba. Ndinayamba kuyenda ndi kakontena ka chinangwa chophika m'chikwama, kumadyera pakona ngati munthu wakuba. Ku tchalitchi mbale ya mgonero ikafika pa ine ndinkangoipatsira mnzanga, ndipo pasanathe miyezi ingapo mphekesera inamveka kuti ndinadulidwa mumpingo. Kuno munthu sakana chakudya popanda chifukwa, ndipo chifukwacho ukapanda kuchinena momveka anzako amakupezera.

Adani anga atatuwa ndinawaphunzira khalidwe. Nsomba ndi mtedza ndi zaukali, zimandilanga nthawi yomweyo, pamaso pa anthu. Tirigu ndi kathyali, amadikira maola angapo, kawirikawiri ndili kale kunyumba, ndiye n'kuyamba kundipotokola m'mimba.

Mlongo wanga, wobadwa pambuyo panga, anamwalira chaka chomwecho. Anali ndi nyumba cha ku Mwaya, mkazi wochokera ku Ntcheu ndi ana awiri aang'ono. Chinamupha ndi mowa. Chiwindi chinatha, mimba inatupa, maso anasanduka achikasu, ndipo tonse tinkadziwa kumene ankaswera. Koma pamaliro palibe amene amafuna kunena kuti mwana wawo anadzipha yekha ndi botolo. Kunali kosavuta kuyang'ana mkazi wobwera uja, amene Chitonga ankachilankhula mopotoka. Manong'onong'o anayamba bokosi lisanatuluke n'komwe: akuti ankamuthirira kondaine m'ndiwo, ndiye anapyoza muyeso.

Amene ankasonkhezera moto anali azakhali athu, mlongo wa malemu bambo. Kwathu mawu a azakhali sagwa pansi. Iwo ndiwo anayenera kunena ngati alamu angawo akhale m'nyumbamo ndi ana, kapena alongedze. Ine ndinali ku mbali ya alamu. Ndinawaona akumusambitsa mlongo wanga, akumuchapira zofunda zoipa, pamene ena a ife tinkangobwera Lamlungu ndi nthochi.

Mmawa wotsatira tsiku loika maliro, abale tinakhala pa mphasa kuseri kwa nyumba kudikira zokambiranazo. Alamu anakana kukhala pansi ngati wofedwa. Anadzuka, nafulula tiyi ndi manja awo, nadula buledi. Ndinamvetsa chimene ankachita. Ankafuna banja lonse lidye za m'manja mwawo, anthu akuona.

Anayambira kwa ine, poti ndine wamkulu mwa ana a m'nyumba yathu. Anagwada, naika thireyi patsogolo panga. Kenaka anachita mwambo umene wopereka chakudya amachita pofuna kuonetsa kuti mulibe kanthu: ananyema kachidutswa ka buledi, natafuna, namwera tiyi wa m'kapu yangayo. Atatero anandipatsira mbale ndi manja awiri.

"Idyani, alamu," anatero chapansipansi.

Za tirigu ankazidziwa, ndinawauzapo kamodzi. Koma munthu amene waika mwamuna wake dzulo sakumbukira matumbo a mnzake. Mwinanso ankakumbukira, koma analibe china choti agwire.

Onse pa mphasa anatembenukira kwa ine. Azakhali anasiya kumanga duku lawo n'kumandiyang'ana. Ndikanakana, ngakhale ndifotokoze bwanji, aliyense akanamva chinthu chimodzi: mlongo wake wa malemu waopa chakudya cha mkaziyo. Kakontena kanga ka chinangwa kanali m'chikwama pambali panga, koma kukatulutsa pamenepo kukanakhala kutukwana. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Ndinawerengera mwachangu kuti si nsomba, si mtedza, ndi tirigu chabe, ndipo tirigu amadikira. Zokambirana zikatha ndithamangira kwathu, ndikadwalire m'nyumba mwanga chitseko chili chotseka.

"Yewu, alamu," ndinatero. Ndinadya magawo awiri, pang'onopang'ono, kuti aliyense aone. Ndisaname, unali wokoma. Ndinali nditausowa buledi kwa miyezi yambiri, ndipo ndinatsala pang'ono kulira chifukwa cha kukomako. Ena onse anatambasula manja, azakhali nawonso anadya. Alamu anabwerera kukhitchini mapewa atatsika.

Chimene sindinawerengere ndi amalume a ku Chintheche, amene anachedwa panjira. Popanda iwo nkhani sikanayamba, ndipo azakhali analamula kuti pasachoke munthu. Dzuwa linafika pamutu tili pomwepo. Kenaka ndinamva kupotokola kuja, kumene ndimakudziwa ngati dzina langa. Ndinapirira, thukuta lili kamukamu. Chimbudzi cha pakhomopo chili kuseri komweko, moyang'anana ndi pamene tinakhala. Ulendo woyamba ndinapita ngati ndikukasamba m'manja. Wachitatu ndinathamanga. Pobwerera ndinasanza patsinde pa mango, amayi onse akuona.

Ndinafotokoza. Ndinanena za dokotala wa ku Mzuzu, za guluteni, za mgonero umene sindidya. Ndinatulutsa ngakhale kakontena kaja kuti aone. Azakhali anandimvetsera mpaka kumapeto, mwaulemu ndithu.

"Ama," anatero, "buledi uyu tarya tose. Wadwala ndi yani munyaki? Kweni kapu yija wangukupaska wewe."

Tonse tinadya buledi yemweyo, wodwala ndinali ine ndekha, ndipo kapu ija alamu anandipatsa ine. Wina anawonjeza kuti kulawa sikutanthauza kanthu, odziwa zinthuzi amayamba amwa chotsukula mphamvu ya mankhwalawo. Ndinakuwa mpaka mawu kusasa, koma ndinkakuwa nditagwira pamimba, nkhope itayera. Thupi langa linali likuchitira umboni mbali ina.

Amalume atafika anapeza mlandu utaweruzidwa kale. Palibe amene anatchula mawu oti mfiti. Anangoti mayiyo ndi wamng'ono, ndi bwino akapume kwawo, ana adzawatsatira sukulu ikatsekera. Tonse tinkadziwa kuti anawo sadzatsatira.

Ndinagona masiku angapo. Nditadzuka ndinamva kuti alamu akunyamuka mmawa womwewo, ndipo ndinawapeza pa depoti, atakhala kale m'minibasi ya ku Mzuzu, komwe akakwere basi ya ku Ntcheu, chikwama chimodzi pamiyendo. Ndinaima pa windo. Ndinawauza kuti ndinadya chifukwa ndinkafuna kuwateteza, kuti ndinkaganiza ndidwalira kwathu.

Sanakwiye. Bwenzi zili bwino akanakwiya.

"Ndikudziwa, alamu," anatero. "Koma mukanangokana. Akanati mumandida, basi. Kudedwa ndinakuzolowera, ndikanakhala nako m'nyumba mwanga, ndi ana anga."

Kondakitala anamenya chitseko, minibasi inakwera mtunda.

Masiku ano thupi langa lili bwino. Ndinanenepa, magazi anabwerera, ndinaphunzira kuphika chigumu cha ufa wa chimanga chokhachokha, ndipo anzanga kuntchito amandipempha. Ana aja akukulira kwa azakhali, amene iwo amawatchula kuti agogo. Wamng'onoyo, mtsikana, amabwera kwathu Loweruka lililonse. Tsiku lina anandipeza ndikumwa tiyi ndi chinangwa, nandifunsa chifukwa chake sindidya buledi. Ndisanatsegule pakamwa anadziyankha yekha, mosavutika, ngati chinthu chimene aliyense amachidziwa.

"Agogo akuti munasiya kuyambira tsiku lija amayi anakuthirirani mankhwala."