Yunesi ndi Mzere wa Magazi

Ku Muloza amachita kulumbira kuti mayi Yunesi, ogulitsa nthochi aja, anathamangitsa gulu lonse la ofufuza ndi pakamwa pokha. Mayiwa anafika kuno ali kumbuyo, makolo awo akuthawa nkhondo ya ku Mozambiki. Namondwe wa Freddy atawasiya padzuwa, ofufuza za malungo anawalemba ntchito yomasulira m'Chilomwe pamsasa. Anthu ankafola kwa ofufuzawo n'kudinda chala poyesa kuti ndi mzere wa ufa. Yunesi anadziwa kuti kuulula n'kutaya ntchito, komabe anakwera pabenchi.

"Abale, uwu ndi wa magazi. Mukakana, ufa mulandirabe."

Akuti pamzerepo panatsala nkhalamba zitatu ndi mbuzi. Ntchito inathera pomwepo, nthochi zinayambiranso.

Mukawafunsa lero, sakweza n'komwe maso. "Ine sindinathamangitse munthu ayi."