Chaka Chimene Mng'ono Wanga Analandidwa Mchere

Mng'ono wanga anakwatiwa ku Chapananga, m'banja la anthu amene makolo awo anachokera ku Mozambiki. Kwathu mwamuna ndiye amabwera kudzakhala kwa mkazi, koma iwo amalowola, ndiye mwana wa amayi anga anatengedwa kupita kudera la mbuzi ndi mapira, kumene umafika pamsika mapazi atatupa kale. Ine sindinakondwe nazo ndipo ndinanena. Pakamwa panga palibe chitseko, abale anga amadziwa.

Mwana wake woyamba anali wamwamuna, wojintcha bwino, wa masaya ofuna kutsina. Itapita miyezi ingapo zinthu zinatembenuka. M'kamwa munatuluka zilonda zoyera, chifuwa chinamanga, kenako kutsegula m'mimba. Akachira ichi, icho chafika. Ngakhale pamkono pamene anamubaya katemera sipanapole, pankangochucha.

Zinali zaka zimene mankhwala otalikitsa moyo anali atangoyamba kuperekedwa ulere, ndipo aliyense m'mudzi anali atasanduka dokotala. Pachitsime anthu ankakamba za asilikali a m'thupi ngati akukamba za mtengo wa thonje. Atangomuona mwanayo anati ndi kachirombo kaja basi. Mng'ono wanga anakayezetsa, mwamuna wake anakayezetsa, mwana anamuyeza. Kachirombo kanalibe. Anabwereza, kanalibebe. Ine ndinavina nditamva, osadziwa kuti nkhani yabwinoyo ndi imene idzapachike mng'ono wanga.

Apongozi ake anati ngati si kachirombo, ndiye ndi tsempho. Akuluakulu amati kholo likayenda njira zachigololo n'kubwera kudzathira mchere m'chakudya, mwana amadwala, kuonda, mpaka kufa. Mlamu wanga ankakhala miyezi ali kodula nzimbe, ndipo ine ndikanatha kufunsa kuti kumeneko ankagona ndi zikwanje zokha kodi. Koma khoswe wa pamkhate sapheka. Mayi aja sakanaloza chala mwana wawo. Anangofunsa kuti wophika pakhomopo ndani, n'kulowa m'khitchini ya mng'ono wanga, kutenga kabotolo ka mchere n'kukasunga kwawo.

Ndinadzionera ndekha tsiku limene ndinapita kukazonda mwana. Mng'ono wanga anaphika chitambe, kenako ananyamula mphika kudutsa nawo pabwalo lonse, nakagwada pakhomo pa apongozi ake kudikira kuti amuthirire mchere. Phala la mwana nalonso chimodzimodzi. Azimayi opita kumjigo ankachepetsa liwiro kuti aonerere bwino. Palibe amene anamutchula hule, mphika uja ndiwo unkalengeza tsiku lililonse.

Mtima wanga unawira. Ndinawapeza mayi aja akupeta mapira.

"Amayi, mwamugwira ndi ndani mwana wa kwathuyu?"

Sanadzutse mutu. Anayamba ndi Chisena chawo: "Nkhabe, sindinamugwire ine. Mwana ndiye akunena."

"Mwana wosayankhulayu?"

"Thupi lake likuyankhula, mwananga. Munyu, mchere uja, mng'ono wanuyo asaugwire. Akaulula timusambitsa mwanayo mankhwala. Akapanda kuulula, mwana akapita nayenso azipita kwanu."

Ndinafuna kuyankha zoti sakanaziiwala, koma mng'ono wanga anandikoka nsalu. "Achemwali, inu mawa mukwera njinga kubwerera. Ine nditsala pompano." Ndinameza mawu anga.

Mwana atafooka kwambiri, a chipatala cha kuderako anatitumiza ku Blantyre. Ine ndinapita ngati womudikirira. Tinakwera phiri la pamsewu wa ku Blantyre pa ambulansi, kutentha kwa kuchigwa kukutsalira m'mbuyo, ndipo tinakhala kumeneko mpaka ndinadziwana ndi ogulitsa makala onse a kuseri kwa chipatala. Madokotala anazunguzika naye mwanayo. Anamutenga magazi, anatenga a mayi ake, anaitanitsa mlamu wanga n'kutenganso ake, akuti ena anawatumiza kunja. Tinadikira mpaka ndinayamba kuganiza kuti magaziwo anatayika panjira.

Tsiku lina dokotala wina wachinyamata anatiitana tonse atatu m'kachipinda. Ankayankhula Chichewa cha kumtunda, chofewa, ndipo ine ndinali nditamuderera kale kuti ndi mwana. Anayamba ndi kufunsa ngati kwathu timalima mapira, ndi mmene timaingitsira mbalame. Mng'ono wanga anamuuza kuti timamanga nsanja pakati pa munda, zingwe n'kuchoka pansanjapo kupita mbali zonse, kuzingwe n'kumangirira zitini. Ukaona mpheta umakoka, munda wonse n'kuchita phokoso.

"Nanga nsanja ikapanda kukhalapo?" anafunsa.

"Zingwe zingogona pansi."

"Ndi zimene zilipo apa," iye anatero. Anafotokoza kuti mwanayo asilikali a m'thupi anali nawo ndithu. Koma m'kati mwa msilikali aliyense muli kanthu kakang'ono kosaoneka ndi maso, kapuloteni, kamene ntchito yake ndi kugwira pamodzi tonse tonyamula uthenga. Matenda akafika, uthenga umadutsa pamenepo kuti msilikali adzuke, aitane anzake. Mwa mwana wathu kanthu kameneko kanapangika molakwika, ndiye mdani ankalowa asilikali osamva kalikonse.

Ndinafunsa chimene chinandibweretsa. "Walakwitsa ndani?"

"Palibe. Anabadwa nazo. Mbali ina anatengera kwa mayi, mbali ina kwa bambo. Aliyense wa iwo ali nako kolakwikako mbali imodzi yokha, n'chifukwa chake sadwala. Zinangokumana mwa mwanayu."

"Mchere ayi?"

Sanaseke, ndipo pa chimenecho ndimamulemekeza mpaka lero. Anati mchere ulibe mlandu. Anatiuzanso mosabisa kuti chithandizo chenicheni n'chosintha mafuta a m'mafupa, ndipo chimachitika kumayiko akutali. Iwo akanatha kungotipatsa mankhwala otchinga matenda ena. Mlamu wanga anaphimba nkhope ndi chipewa. Mng'ono wanga analira kulira kwa mitundu iwiri, kwa mpumulo ndi kwa chisoni, ndipo ine ndinamva konse kuwiri.

Tinabwerera naye mwana kumudzi mapira akuyamba kufiira. Panjira mlamu wanga anati, "Alamu, kwa amayi mukanene ndinu. Ine sangandimve." Ndinamuyang'ana mwamuna wodula nzimbe tsiku lonse koma woopa mayi ake, ndinangoti chabwino. Kunena zoona ndinkaifuna ntchitoyo. Mawu anga ndinali nditawanola kuyambira ku Blantyre, makamaka aja akuti theka la matendawa ndi la magazi a kwawo.

Ndinawapeza atakhala pamkeka pansi pa mtengo wa nimu. Ndinawauza zonse, za asilikali, za nsanja, za zingwe zogona pansi, ndipo pofika pa magazi a mwana wawo ndinakweza mawu kuti a kumjigo amve. Ndinadikira kuti akane. Iwo anangoyang'ana zikhatho zawo.

"Zimayenda m'magazi?" anafunsa.

"Eya."

"Mwana amatuluka zoyera m'kamwa, chifuwa chosatha?"

"Mwaona nokha."

"Nanga anga awiri aja?"

Sindinadziwe zimene akunena. Anandiuza motsitsa mawu, Chisena ndi Chimang'anja zikusakanikirana, kuti asanabereke mlamu wanga anataya ana awiri, onse asanayambe kuyenda, onse kudwala kotereku. Apongozi awo anawalanda mchere. Anawapanikiza mpaka anavomera mlandu umene sanapalamule, n'kutchula mwamuna wina wongodutsa, kuti mwina mwana wachiwiriyo asambitsidwe mankhwala achire. Sanachire. Zaka zonsezi ankakhulupirira kuti anachedwa kuulula.

Mawu anga onola aja anathera pomwepo. Ndinawamvera chisoni mayi amene ndinkadana nawo, ndipo zinandivuta. Ndinawauza zoona, kuti za ana awo sindikudziwa, ngakhale dokotalayo sangadziwe tsopano, koma kuti mchere sunaphepo mwana.

Sanapepese, anthu a msinkhu umenewo sapepesa kwa mkamwana. Anadzuka movutikira, analowa m'nyumba, natuluka ndi kabotolo kaja. Anadutsa pabwalo okha, masanasana, anthu akuona, mpaka pamene mng'ono wanga ankatakasa phala la mwana.

"Thira," anatero.

Mng'ono wanga anawayang'ana. Anatapa pang'ono ndi zala n'kuwaza.

"Takhuta, amayi," anathokoza m'Chisena chawo.

Mwanayo anamwalira mapira asanalowe m'nkhokwe. Pamaliro palibe ananena zoti mng'ono wanga abwerere kwathu, ndipo amene anamugwira dzanja pochokera kumanda anali apongozi ake. Ali komweko mpaka lero, ali ndi ana aakazi awiri athanzi. Akamakamba za mwana wake woyamba satchula Blantyre kapena dokotala. Amangoti masiku ake otsiriza ankadya phala lothira mchere mayi ake, ndipo tsiku lina anamaliza kambale konse.