Madala ndi Bomba ya Madzi

Kuseri kwa nyumba yathu ku Ntengo-Wambalame kumakhala madala ena amene kale ankayendetsa chapa, minibasi yonyamula anthu. Ukawapititsira galimoto yowonongeka, safuna kumva zambiri. Amangoti, "Tailizani, inene yokha," kenako n'kutchera khutu. Sapupuluma, ndipo parafuzu kapena bawuti aliyense amene amasula amamuika m'chipewa chawo kuti asasowe.

Tsiku lina aphunzitsi Perpétua anafika ndi galimoto yawo yakale ikudontha madzi. Anali pa ulendo wokatenga mayi awo odwala ku Furancungo.

"Ndingothira ufa mothira madzimu kuti podonthapo patseke?" anafunsa aphunzitsiwo.

"Ufa sungathandize, mayi. Yatha ndi bomba ya madzi, pampu imene imayendetsa madzi mu injini. Mukaumirira, mukaima m'tchire."

Kumsika kunalibe bomba yatsopano. Madala anayang'ana galimoto yawo, yofanana ndi ya aphunzitsi, imene salola munthu ngakhale kuitsamira. Anapumira m'mwamba, n'kumasula bomba yake, n'kuimangirira pa ya aphunzitsi. Atathira madzi n'kuiliza, pansi sipanagwe ngakhale dontho.

"Nanga inuyo muyendera chiyani, madala?"

"Ine miyendo ndili nayo. Amene sangathe kuyenda ndi mayi anu. Nyamukani dzuwa likadalipo."